Mbiri ya Dzina la Mkazi wa M'nyanja m'Mabuku a Achinyamata

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya dzina limodzi, ndi kuonetsa kuti tanthauzo lake linatembenuka pamene anthu anasintha maganizo awo pa za nyanja. Dzinalo ndi la cholengedwa cha m'nthano za ku Ulaya, chimene kumtunda ndi mkazi koma kumunsi ndi nsomba.

M'Chingerezi amati "mermaid", mawu ophatikiza "mere", kutanthauza nyanja, ndi "maid", kutanthauza namwali. M'Chidanishi amati "havfrue", ndipo kaumbidwe kake nkofanana. Afalansa amati "sirène", potengera akazi a m'nthano za Agiriki amene poyamba anali ndi matupi a mbalame, ndipo ankakopa amalinyero ndi nyimbo kuti akaonongeke. Tsono tanthauzo lakale linali la ngozi: mkazi wa m'nyanja ankapha anthu.

Kusintha koyamba kunadza ndi alembi. M'chaka cha 1811 Friedrich de la Motte Fouqué anatulutsa nthano ya Undine, mkazi wa m'madzi wofuna mzimu waumunthu, ndipo mu 1837 Hans Christian Andersen anatulutsa Den lille Havfrue. M'nthano ya Andersen mkaziyo ndiye akopeka ndi munthu, nalola kudulidwa lilime kuti apeze miyendo. Wowerenga amumvera chisoni, koma iye sangathenso kulankhula.

Akatswiri a zamoyo nawonso analisuntha dzinali. Mu 1811 momwemo Johann Illiger anatcha gulu la nyama zoyamwitsa za m'madzi, monga dugong ndi manatee, kuti "Sirenia". Imodzi ya gululi, ng'ombe ya m'nyanja ya Steller, Azungu anaiona mu 1741, koma pofika 1768 alenje anali ataitha yonse. Kotero dzina la wakupha anthu linapatsidwa kwa nyama zophedwa ndi anthu.

Kusintha kwachiwiri kunadza pambuyo pa buku la Rachel Carson, Silent Spring, la mu 1962, limene linadzutsa ambiri pa za kuonongeka kwa chilengedwe. Mu kanema wa Hayao Miyazaki wotchedwa Ponyo, wa mu 2008, bambo wa mwana wa m'nyanja adana ndi anthu chifukwa chodetsa madzi. M'mabuku atatu a achinyamata a Sarah Porter, oyamba ndi Lost Voices mu 2011 ndi kutha ndi The Twice Lost mu 2013, atsikana ozunzidwa asanduka akazi a m'nyanja, ndipo pomaliza agwiritsa ntchito nyimbo zawo polimbana ndi anthu oononga nyanja. Lilime lija linadulidwa mu 1837 labwezedwa. Ngakhale chiboliboli cha mkazi wa Andersen, choimikidwa ku Copenhagen mu 1913, chinapakidwa utoto wofiira mu 2017 ndi otsutsa kupha anamgumi ku zilumba za Faroe.

Mbiri imeneyi ikhudza onse okonza mawu a Chichewa, ntchito imene Chichewa Board inayamba mu 1972 ndipo Centre for Language Studies inapitiriza kuyambira 1996. Womasulira mabuku otere ali ndi njira zitatu. Angabwereke mawu achilendo, koma mwana sangaonemo chithunzi chilichonse. Angatenge dzina la m'chikhalidwe, monga anachitira Natasha Bowen ndi Mami Wata m'buku la Skin of the Sea mu 2021, kapena monga Ashona ali ndi "njuzu". Kwathu kuno dzina lapafupi ndi Napolo, koma Napolo ndi chinjoka cha m'phiri chodzetsa madzi osefukira, ndipo anthu amachiopa. Kulisankha ndiko kubwerera ku tanthauzo lakale lokha.

Njira yachitatu ndiyo yophatikiza mawu athu omwe, monga anachitira Angerezi ndi Adanishi. Ife tiona kuti "mkazi wa m'nyanja" ndi mawu oyenera, pakuti sanena ngati iye ndi woopsa kapena wozunzika. Zimenezo aziweruza wowerenga mwini, molingana ndi nthano imene ali nayo m'manja.