Khoti la Moto la ku London ndi Anthu Ochita Lendi

Moto umene unabuka pa 2 September 1666 mu msewu wa Pudding Lane ku London unayaka masiku anayi ndipo unapsereza nyumba zoposa 13,000. Anthu ambiri okhala m'nyumbazo anali alendi. Mapangano a nthawiyo ankawakakamiza kumanganso nyumba ikawonongeka komanso kupitiriza kulipira lendi, ngakhale katundu wawo yense atasanduka phulusa.

Poona kuti milandu ichedwetsa ntchito yomanganso mzindawo, nyumba ya malamulo inakhazikitsa khoti lapadera mu 1667. Linkakumana ku Clifford's Inn, ndipo mmodzi mwa oweruza ake anali Matthew Hale. Oweruzawo ankagwira ntchitoyi osalandira malipiro. Anali ndi mphamvu yothetsa pangano, kutsitsa lendi, kapena kuwonjezera zaka za pangano kwa mlendi wovomera kumanganso. Mlendi wosowa ndalama ankatha kubweza malowo kwa mwini wake n'kumasuka.

Khotilo linkaweruza za nyumba ndi lendi, osati za zovala, mipando kapena malonda amene anapsa. Mpata umenewu unadzatsekedwa ndi inshuwalansi. Nicholas Barbon anayambitsa inshuwalansi ya nyumba cha m'ma 1680, ndipo kampani ya Sun Fire Office, yokhazikitsidwa mu 1710, inkatetezanso katundu wa m'nyumba.

Lamulo la mu 1774 linati munthu asaimbidwe mlandu moto ukayamba mwangozi pamalo pake. Makhoti anadzafotokoza kuti chitetezochi sichikhudza moto wobwera chifukwa cha kusasamala, choncho mlendi wofuna chipukutamisozi ankayenera kuonetsa umboni wa kusasamalako.