MDIMA WA MASANA PA ZAMBEZI

Lachinayi pa 21 Juni 2001, nthawi itangopitirira 3 koloko masana, kuwala kwa dzuwa kunafooka modabwitsa mu mzinda wa Blantyre. Kuyambira ku mafakitale a ku Makata, kunsi kwa phiri la Ndirande, mpaka ku msika wa Limbe, kunja kunaoneka ngati kwayamba kuda pamene nthawi yoweruka inali isanakwane. Mwezi unali utalowa pakati pa dziko lapansi ndi dzuwa, ndipo unaliphimba pafupifupi lonse, n'kungosiya kachigawo kopyapyala kooneka ngati chikwakwa. Ameneyu anali kadamsana. Komabe anthu a ku Blantyre anangoona m'mbali mwake chabe, pakuti mthunzi weniweni wa mwezi, umene umasandutsa usana kukhala usiku, unadutsa cha kummwera. Unatuluka m'nyanja ya Atlantic, nulowa mu Angola, nudutsa pakati pa Zambia, kumpoto kwa Zimbabwe ndi m'chigwa cha Zambezi mu Mozambique, nukhudzako nsonga ya kummwera kwenikweni kwa Malawi, kenaka nuwolokera ku Madagascar. Mu Lusaka mdima unakhala mphindi zitatu ndi pang'ono.

Mphindi zitatu zimenezo ndi zimene zinaitana alendo zikwizikwi kuchokera ku Ulaya, ku America ndi ku Japan. Ambiri a iwo anabwera m'magulu, atalipiriratu ndege, malo ogona ndi chakudya kwa makampani okonza maulendo, ndipo magulu ambiri anali ndi katswiri wa zakuthambo wowatsogolera. Kwa munthu wamba zinali zovuta kumvetsa kuti mlendo angataye ndalama zochuluka chotero pofuna kuona mdima, chinthu chimene chimabwera chokha usiku uliwonse. Koma malonda otere anali atakhazikika kale m'maiko ena.

Ulendo umodzi wotchuka wa mtundu umenewu unachitika mu 1896, pamene bungwe la British Astronomical Association linatenga anthu ake pa sitima ya pamadzi kupita ku Vadsø, kumpoto kwenikweni kwa Norway, kukaona kadamsana wa pa 9 Ogasiti. Anayenda mtunda wonsewo, naimika zipangizo zawo, koma pa ola lenilenilo mitambo inaphimba thambo ndipo anabwerera asanaone chimene anadzera. Dera lomwelo la kumpoto kwa Norway ndi limene lero limadyera pa chozizwitsa china cha kumwamba chotchedwa aurora borealis, kapena kuti kuwala kwa kumpoto. Kuwala kumeneku kumaoneka usiku ngati nsalu zobiriwira, nthawi zina zofiirira, zopachikidwa kuthambo ndipo zikugwedezeka. Kumayamba pamene tizinthu tating'onoting'ono tochokera ku dzuwa takokedwa ndi mphamvu ya maginito ya dziko kulowera ku nsonga zake ziwiri, ndipo tawombana ndi mpweya pa mtunda wa makilomita 100 kapena kuposerapo kuchokera pansi. Wasayansi wa ku Norway, Kristian Birkeland, ndi mmodzi mwa oyamba kufotokoza zimenezi, ndipo mu 1899 anakamanga malo ofufuzira pa phiri la Haldde pafupi ndi Alta.

Mu mzinda wa Tromsø dzuwa silituluka kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale. Kale nyengo imeneyi inali yoti mlendo aithawe, koma tsopano ndiyo imadzaza mahotela. Madzulo otsogolera alendo amawakweza m'timabasi, atawabwereka zovala zochindikala, n'kumayenda nawo usiku kufunafuna pamene palibe mitambo, mwina mpaka kulowa m'dziko la Finland. Zoterezi zimachitikanso ku Rovaniemi, ku Iceland ndi ku Yellowknife m'dziko la Canada. Wotsogolera woona mtima salonjeza kanthu, chifukwa kuwalako kumangodziwika kwatsala masiku ochepa kapena maola chabe, ndipo alipo alendo amene amabwerera kwawo atangoona chisanu.

Malawi ali kutali kwambiri ndi nsonga za dziko, motero wokhala ku Makata sangayembekezere kuona kuwala kotere ali pakhomo pake. Chozizwitsa cha kumwamba chimene chigawo chino cha Africa chinagulitsako kwa alendo ndi kadamsana, ndipo mu 2001 anabwera m'nyengo yake yozizira ya kuno, pamene mvula yaleka ndipo thambo la ku Zambia limakhala loyera masiku ambiri. Kadamsana amasiyana ndi kuwala kwa kumpoto pa chinthu chimodzi chachikulu: tsiku lake, ola lake ndi njira yake zimawerengedwa molondola zaka mazanamazana zisanafike. Dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi pafupifupi maulendo 400, koma lilinso kutali maulendo pafupifupi 400, kotero kuti ziwirizi zimaoneka zofanana kukula, ndipo mwezi ukalunjika bwino umakwanira kuliphimba ndendende. Mthunzi wake ndi wopapatiza. Wa mu 2001 sunapitirire makilomita 200 m'lifupi. Ndipo masamu omwe amaloza kutsogolo amathanso kubwerera m'mbuyo. Apa ndi pamene nkhani ya kadamsana imakumana ndi mbiri ya anthu a kuno.

Pamalo pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi pali Zumbo ku tsidya la Mozambique, ndi tauni ya Luangwa, yomwe kale inkatchedwa Feira, ku tsidya la Zambia. Mthunzi wa mu 2001 unadutsa pamenepo. Zaka pafupifupi 166 m'mbuyomo mdima wa masana unagweranso m'dera lomweli, ndipo unapeza khamu la anthu lili pa gombe la mtsinje. Awa anali Angoni a Zwangendaba Jere.

Zwangendaba anali mmodzi mwa atsogoleri a nkhondo a Zwide, mfumu ya Andwandwe. Zwide atagonja kwa Shaka cha m'ma 1819, Zwangendaba anatenga anthu ake kulowera kumpoto. Anakhalako kummwera kwa Mozambique, kumene analimbana ndi anzake othawa nkhondo yomweyo monga Soshangane, kenaka anakwera ku mapiri a Zimbabwe nasakaza ufumu wa Arozvi. Pofika pa Zambezi gululo linali litakula ndi anthu a mitundu ina amene anagwidwa m'njira. Kuwolotsa khamu lotere, pamodzi ndi ana ndi okalamba, pa mtsinje waukulu wodzala ndi ng'ona, sinali ntchito yamasewera. Nkhalamba za Chingoni zinasimbira adzukulu awo kuti pa tsiku lowolokalo dzuwa linada usana ukadalipo. Nthano zina zinawonjezerapo kuti madzi anagawikana mfumu itawamenya ndi ndodo, ndipo wina aliyense angaone kuti mbali imeneyi inakometseredwa pofotokoza. Koma za mdima uja onse anagwirizana, ngakhale magulu amene anadzabalalika n'kukakhala motalikirana.

Azungu oyamba kulemba mbiri ya Angoni anazindikira kuti mawu a nkhalambazo anali ngati wotchi. Mtundu umene sunkalemba masiku unali utasunga chizindikiro chimene akatswiri a zakuthambo akanatha kuchipeza m'mabuku awo. Choyamba anasochera. Dokotala W. A. Elmslie wa mishoni ya Livingstonia, m'buku lake la mu 1899 lotchedwa Among the Wild Ngoni, anaika kuwolokako m'chaka cha 1825, ndipo ena anamutsatira. Koma chaka chimenechi chinali chofulumira kwambiri, pakuti sichinkasiya mpata wokwanira wa zonse zimene Angoni anachita kummwera kwa mtsinjewo. Mu 1930 E. H. Lane Poole, yemwe anali wa boma la atsamunda ku Northern Rhodesia, anafalitsa nkhani yosonyeza kuti kadamsana woyenera anali wa mu Novembala 1835. Mwezi umenewu umagwirizananso ndi nzeru wamba, chifukwa kumapeto kwa chilimwe ndi pamene Zambezi amaphwera kwambiri, ndipo mtsogoleri wanzeru sakanasankha nthawi ina.

Wophunzira amene angafananize mabuku adzapeza kuti ena amalemba 19 Novembala pamene ena amalemba 20 Novembala. Mpaka mu 1925 akatswiri a zakuthambo ankayamba kuwerenga tsiku lawo pa 12 koloko masana, osati pakati pa usiku, kotero kuti m'mawa wa pa 20 ku Greenwich unkalembedwa m'mabuku awo ngati gawo lomaliza la pa 19. Pa kalendala imene anthu amagwiritsa ntchito, kadamsanayo anachitika pa 20 Novembala 1835. Ndi zochitika zochepa kwambiri m'mbiri ya chigawo chino, atsamunda asanafike, zimene tsiku lake lenileni limadziwika chotere, ndipo ulemu wake uyenera kupita kwa agogo amene anasunga nkhaniyo pakamwa mofanana ndi kwa amene anawerengera.

Atawoloka, Angoni anakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, napitirira kudzera m'dera limene lero ndi Mzimba, mpaka ku Ufipa, kummawa kwa nyanja ya Tanganyika, kumene Zwangendaba anamwalira cha m'ma 1848. Mkangano wa ufumu unagawa mtunduwo: Mpezeni anadzakhazikika ku Chipata, M'mbelwa ku Mzimba, ndipo ena anatsalira ku Tanzania. Angoni a Maseko, a ku Ntcheu ndi Dedza, anali gulu lina limene linawolokera kunsi kwa mtsinjewo pa ulendo wawowawo. Ndi amenewa, osati a Jere, amene mu 1884 anawoloka Shire n'kuthira nkhondo midzi yozungulira Blantyre.

Mu 2001 Angoni a ku Zambia anakonza mwambo wokumbukira kuwoloka kwa makolo awo pa tsiku la kadamsana, ndipo nkhani ya Zwangendaba inamveka m'manyuzipepala a maiko akutali amene anali asanaitchulepo. Dziko la Zambia ndilo linadya bwino pa mwayi umenewu, ndipo zifukwa zake zinali za pansi pano, osati za kumwamba. Ku Angola mdima unali wotalikirapo, koma nkhondo yapachiweniweni inali ikadali mkati; inatha mu 2002. Ku Zimbabwe kulanda minda kumene kunayamba mu 2000 kunaopseza alendo ambiri. Ku Mozambique chigwa cha Zambezi chinali chitangosefukira kumayambiriro kwa chaka chomwecho. Zambia inali pa mtendere, ndipo likulu lake, lokhala ndi bwalo la ndege lalikulu, linali mkati mwa njira ya mthunziwo. Boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linalengeza tsikulo kukhala la tchuthi. Mahotela a mu Lusaka anadzaza, ndipo alimi a ku Chisamba, kumpoto kwa mzindawo, anasandutsa minda yawo kukhala misasa ya mahema. Alendo ena analowera ku nkhalango za Kafue ndi Lower Zambezi, kuphatikiza kadamsana ndi kuona nyama.

Kuyang'anitsitsa dzuwa popanda choteteza kumapsereza mkati mwa diso, ndipo choopsa chake n'chakuti munthu samva kuwawa pamene zikuchitika. Chiopsezochi chimakula kumalo ngati Blantyre kumene dzuwa silinaphimbike lonse, pakuti kachigawo kotsalako, ngakhale kaoneke kofooka, kali ndi mphamvu yowononga. Magalasi wamba a dzuwa sathandiza, ndipo galasi lodetsedwa ndi mwaye, limene ambiri amalikhulupirira, ndi lonyenga. Alendo anabwera ndi magalasi apadera m'matumba mwawo, pamene eni dziko ambiri, makamaka a kumidzi, anayenera kudalira machenjezo a pa wailesi. Chonsecho njira yaulere inalipo: kuboola kabowo pa pepala ndi kuyang'ana chithunzi cha dzuwa chikugwera pansi, kapena kungoyang'ana pansi pa mtengo wa masamba ambiri, pamene timipata ta masambawo timajambula tizikwakwa tambirimbiri pa dothi. Zimamvetsa chisoni kuti munthu wochokera ku Tokyo anadziwa ola la mdimawo zaka zingapo usanafike, pamene mdzukulu wa amene anawoloka Zambezi mwina anangomva kutatsala masiku owerengeka.

Mthunzi wa mwezi unabwereranso kummwera kwa Africa pa 4 Disembala 2002, kudzera ku Angola, Botswana, kummwera kwa Zimbabwe, kumpoto kwa South Africa ndi Mozambique. Ulendo uno inali nyengo ya dzinja, ndipo m'malo ena mitambo inachita zomwe inachita ku Vadsø, alendo n'kubwerera chimanjamanja. Kadamsana wathunthu wotsatira m'chigawochi adzachitika m'mawa wa pa 25 Novembala 2030. Adzalowera ku Namibia, kudutsa Botswana, South Africa ndi Lesotho, n'kutulukira m'nyanja ya India cha ku Durban, mzinda umene Amalawi ambiri amagwirako ntchito. Durban ali m'chigawo cha KwaZulu-Natal, ndipo kumpoto kwa chigawo chimenechi ndi kumene Zwangendaba ndi anthu ake ananyamukira.