Nkhuni, amtengatenga ndi mafuta: mbiri ya zoyendetsa sitima pa Zambezi ndi pa nyanja

Sitima yankhondo imafika pokhapo pamene mafuta ake angaifikitse. N'chifukwa chake mayiko okhala ndi asilikali apamadzi amapanganso sitima zina zomwe ntchito yake ndi kutsatira zinzake zitasenza mafuta, chakudya, madzi akumwa ndi zipolopolo. Dziko la Britain linakhazikitsa gulu la sitima zotere, la Royal Fleet Auxiliary, mu 1905, ndipo mu 1917 sitima ya ku America yotchedwa Maumee inkathira mafuta sitima zankhondo pakatikati pa nyanja ya Atlantic. Ku Zambezia, m'dziko la Mozambique, ndi ku Malawi vutoli linayamba kale zonsezi zisanachitike, ndipo amene analisenza anali anthu akumudzi.

Sitima zoyamba kulowa mu Zambezi zinkayendera nthunzi, ndipo moto wake unali wa nkhuni. Ma Robert, yomwe David Livingstone anabwera nayo mu 1858, inkadya nkhuni zambiri moti nthawi yochuluka ya ulendo inkathera kumtunda, anthu akugwetsa mitengo ndi kuwaza zikuni.

Sitima zankhondo zinabwera ndi mkangano wa malire. Chakumapeto kwa 1889 asilikali a Apwitikizi otsogozedwa ndi Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo m'chigwa cha Shire, ndipo pa 11 January 1890 Angerezi analamula Apwitikizi kuti achokemo. Chaka chomwecho kampani ya Yarrow inapanga Mosquito ndi Herald, sitima zosazama zokhala ndi gudumu lopalasira kumbuyo, zomwe zinabwera zili zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa kumathiriro a Zambezi. Mgwirizano wa pa 11 June 1891 ndiwo unaika malire pa mtsinje wa Ruo ndi Muloza, Mulanje n'kukhala mbali ina, Milange mbali ina. Angerezi anapatsidwanso malo pa doko la Chinde osungirapo katundu wopita kumtunda.

Kuchokera ku Chinde, ulendo unkadalira milu ya nkhuni younjikidwa m'mbali mwa mtsinje. Sitima inkakocheza, anthu n'kupanga mzere kulandizana zikuni mpaka malo a m'mbali mwa ng'anjo atadzaza. Katundu ankakhala m'mabwato achitsulo omangiriridwa m'nthiti mwa sitimayo. Usiku sinkayenda, ndipo m'chilimwe inkatitimira pamchenga, anthu n'kutsikira m'madzi kukaikankha. Kupitirira Chikwawa mathithi a Shire ankatseka njira, choncho chilichonse, ngakhale zitsulo za sitima, chinkakwera pamitu ya amtengatenga kudzera ku Blantyre mpaka ku Matope. Umu ndi mmene sitima zankhondo za Pioneer ndi Adventure zinafikira pa nyanja ya Malawi mu 1893, ndiponso Guendolen, yomwe inalowa m'madzi ku Fort Johnston, Mangochi ya lero, mu 1899. Ambiri mwa osenzawa sankachita kufuna. Msonkho ndiwo unkawatuma, mbali zonse ziwiri za malire, ndipo mabuku a mbiri asunga mayina a sitima ndi oziyendetsa koma awo ayi.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inakulitsa mtolowu. Pa 13 August 1914 Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pagombe ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Kuyambira pamenepo nyanja inasanduka msewu wa chakudya ndi zida zopita kumpoto, ndipo ngakhale Chauncy Maples ya amishoni inatengedwa kunyamula asilikali. Mu 1918 nkhondoyo inalowa mu Zambezia mwenimweni. Gulu la asilikali a Ajeremani la Paul von Lettow-Vorbeck, lomwe linalibe wolitumizira kanthu, linkakhalira zolanda, monga linachitira pa nkhokwe za ku Namacurra mu July chaka chimenecho, komanso chakudya cha m'midzi yomwe linkadutsamo.

Chinde sinakhalitse. Nyanja yamchere inkadya gombe lake chaka ndi chaka, mphepo yamkuntho inamiza sitima zambiri mu 1922, ndipo njanji ya ku Beira itatsegulidwa chaka chomwecho, kenako mlatho wa Dona Ana mu 1935, katundu anasiya mtsinje. Pa nyanja ya Malawi napo injini za dizilo zinayamba kulowa m'malo mwa nthunzi. Mpasa inayamba ntchito mu 1935, ndipo Ilala yachiwiri mu 1951.

Kufunika kwa sitima yonyamula mafuta kunaonekera poyera m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala. Mu 1986 Milange inagwa m'manja mwa Renamo, anthu ambirimbiri n'kuwoloka Muloza kuthawira ku Mulanje. Dziko la Malawi linatsegula njira yakumpoto: mafuta ankachokera ku Dar es Salaam kudzera ku Mbeya mpaka ku Chilumba, kumene sitima ya Ufulu inkawatenga n'kukawatsitsa ku Chipoka, komwe kumadutsa njanji. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, njira za ku Mozambique zinatsegukanso pang'onopang'ono, ndipo mafuta ambiri olowa m'Malawi anayamba kubwera pa magalimoto a matanki ochokera ku Beira ndi ku Dar es Salaam, ena pa njanji ya ku Nacala.