Mpira wa Miyendo: Mlendo Amene Anamanga Mudzi ku Migodi

Mwana wa ku Wusakile kapena wa ku Kantanshi akafunsidwa kumene unacokera mpira wa miyendo, angathe kudabwa nalo funsolo, pakuti iye anaupeza pakhomo monga momwe anapezera nsima. Komatu mpirawu ndi mlendo. Unafika m'dziko lino ndi amishoni, asilikari ndi Azungu a pa nchito, ndipo m'matauni eni dziko anayamba ndi kuonerera ali kunja kwa mpanda.

Kwao kwa masewerawa ndi ku England. Kuyambira kale anthu a kumeneko anali kukankhana ndi mpira m'midzi ndi m'masukulu, koma malo ali onse ndi malamulo ace. Pa 26 October 1863 amuna a magulu angapo anakomana m'nyumba ya Freemasons' Tavern mu London, nakhazikitsa bungwe la Football Association. Mkangano wao waukuru unali pa zinthu ziwiri: kuthamanga ndi mpira m'manja, ndi kumenya mnzako mateche m'miyendo. Okonda zimenezi anacokamo, ndipo mu 1871 anapanga bungwe lao la rugby.

Olemba malamulowo anali ana a anthu olemera, koma amene anaukonda mpira ndi mtima wonse anali anchito. Timu ya Manchester United inayambidwa mu 1878 ndi anchito a pa njanji ku Newton Heath. Ya Arsenal inayambidwa mu 1886 ndi opanga zida za nkhondo ku Woolwich. Cifukwa cace ncosabvuta kuciona. Munthu wosauka sakanatha kugula kavalo kapena bwato, koma mpira umodzi unakwanira anyamata 22, ndipo Loweruka masana mafakitale anali kutseka.

Zomwezi zinacitikanso kuno. Mu 1929 Azungu a mu Northern Rhodesia anapanga bungwe lao la mpira, losalola munthu wakuda. M'zaka zomwezo migodi ya mkuwa inali kutseguka: Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933. Anyamata anakhamukirako kucokera mbali zonse, Abemba a kumpoto, Angoni, Acewa ndi Ansenga a ca ku Fort Jameson, Alozi, ndi Atonga a ku Nyasaland. Ambiri anasiya akazi kumudzi. Munthu akaturuka pansi pa mgodi, nalandira phoso lace, analibe kwina kopita koma ku nyumba ya mowa kapena ku gule.

Gule ameneyu ndiye analambula njira. Magulu a mbeni ndi a kalela anali kupikisana tsiku la Sabata m'makomboni, gulu liri lonse ndi akuru ace, zobvala zace ndi nyimbo zonyoza anzao. Cotero pamene anthu anaona magulu awiri obvala malaya osiyana alikulimbana pabwalo, khamu liri kupfuula, sanaone cacilendo kweni-kweni. Cacilendo cinali mpira wokha. Ana anaupanga wa nsanza zomanga ndi luzi, naika miyala iwiri m'malo mwa mitengo ya goli, nasewera osabvala nsapato kufikira mdima.

Mu May 1935 anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope anakana nchito cifukwa ca kukwera kwa msonkho, ndipo ku Luanshya anthu 6 anawomberedwa nafa. M'zaka zotsatira makampani anasamala kwambiri za mabwalo, mipira ndi akapitao oyang'anira masewera m'makomboni. Sikunali kukoma mtima kokha ai. Anaganiza kuti mnyamata wotopa ndi mpira sadzakhala ndi mphamvu ya kuyenda ku misonkhano. Koma nzeru imeneyi inabala cimene eni ace sanaciyembekeze. Mbemba ndi Mngoni, amene makolo ao anamenyana nkhondo, ndipo iwo eni amanyozana m'cimbuya, anabvala malaya amodzi napatsirana mpira. Ocemerera analeka kufunsa mtundu wa munthu; anafunsa ngati ali wa ku Nkana kapena wa ku Mufulira. Anthu ozolowera kuimira pamodzi pabwalo sanabvutike kuimira pamodzi pa nkhani ya malipiro.

Wailesi nayo inathandiza. Mu 1949 munafika m'masitolo kawailesi kobulungira konga sefuliya, kochedwa Saucepan Special, ka mtengo wa mapaundi 5, ndipo nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka inali kulankhula m'zinenero za eni dziko. Nkhani za ku Walale zinayamba kufika kumidzi tsiku lomwelo. Pambuyo pace kunabuka Dennis Liwewe, wobadwira ku Nyasaland, amene mau ace anacititsa nkhalamba zosaponda pabwalo ciyambire kuimirira ndi kupfuula pamene cigoli calowa. Iye anamwalira mu 2014.

Mpanda wa tsankho unagwa mu 1962, pamene National Football League inayamba, yolola akuda ndi oyera kusewera m'timu imodzi. Oyamba kupambana anali Roan United a ku Luanshya. Mu 1963 anapambana Mufulira Wanderers, timu ya Samuel "Zoom" Ndhlovu. Mu 1964 City of Lusaka. M'timu ya ku Lusakayi munali Mngerezi, Jackie Sewell, amene mu 1951 Sheffield Wednesday inamgula ndi mapaundi 34,500, mtengo woposa wa wosewera ali yense m'Britain pa nthawiyo. Analimonso m'timu ya England imene inagonja kwa Hungary ndi zigoli 6 kwa 3 mu 1953. Munthu yemweyu ndiye anatsogolera timu ya Zambia m'masewera a ufulu mu October 1964, atazingidwa ndi ana a m'makomboni. Patangopita zaka 5 ulendo unatembenuka: mu 1969 Freddie Mwila ndi Emment Kapengwe anakasewerera Aston Villa ku England komweko.

Zotsatira zace ambiri azidziwa. Mu 1972 Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors anamwetsa zigoli 107 m'caka cimodzi. Mu 1974 Zambia inafika pa masewera otsiriza a cikho ca Afrika ku Cairo, nigonja kwa Zaire. Mu 1988, pa masewera a Olympic a ku Seoul, inagonjetsa Italy ndi zigoli 4 kwa 0, zitatu za izo za Kalusha Bwalya, mwana wa ku Mufulira.

Usiku wa pa 27 April 1993 ndeke yonyamula timu ya dziko inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon. Anthu onse 30 anafa, pakati pao osewera 18 ndi Chitalu, amene anali mphunzitsi wao. Anaikidwa pambali pa bwalo la Independence Stadium mu Lusaka, ndipo maliro ao analiridwa ndi anthu amene sanakhudzepo mpira ndi phazi. Mu February 2012 timu ya Zambia inabwerera ku Libreville. Osewera anayamba apita ku gombe kukaponya maluwa m'madzi, ndipo patapita masiku owerengeka anagonjetsa Côte d'Ivoire pa mapenate 8 kwa 7, natenga cikho ca Afrika.