Mphasa ya Pansi pa Bedi

Mu 1998, thonje litayamba kuyera m'minda kwathu ku Chikwawa, mlongo wanga wa zaka 7 anayamba kulira ndi dzino. Sabata isanathe tsaya linatupa, mano n'kuyamba kugwedera ngati a nkhalamba. Amalume, poti ndiwo eni mbumba, anagamula okha: "Achemwali, izi si za chipatala. Apa pali dzanja la munthu." Mwana anamutema mphini kuzungulira chotupacho, koma icho chinangokulirakulira mpaka diso linayamba kutsekeka. Amayi, omwe ndinali ndisanawamvepo akutsutsa amalume, anamanga ufa, poto, mthiko ndi mphasa, n'kubereka mwana wamkulumkuluyo kumsana. Kuchipatala cha boma anawalembera kalata yopita ku Gulupu, ku Blantyre. Kuyambira tsikulo dzina lawo linali gadiyani.

Mawuwo ndi obwereka, koma ntchitoyo ndi yathu yakalekale: kudwazika matenda. Munthu akadwala mwakayakaya, abale ankasamukira m'nyumba mwake, wina kumuphikira phala, wina kumutembenuza, amuna n'kupita kukaombeza ula. Nthawi zina wodwalayo ankamuthawitsira kumudzi wina usiku kuti omulodza asamupeze. Amishoni atayamba kumanga zipatala, monga cha ku Nkhoma mu 1915, palibe banja lomwe likanasiya m'bale wake m'manja mwa alendo n'kubwerera kumudzi. Anamwino nawonso anali ochepa. Choncho wodwazika analowa m'chipatala limodzi ndi wodwala, ndipo mpaka lero sanatulukemo.

Matenda a mlongo wanga ali ndi mbiri yawoyawo, ndipo Chikwawa ilimo. Mu 1957 Denis Burkitt, dokotala wa ku Ireland wa diso limodzi, anaona mwana wotupa nsagwada pachipatala cha Mulago ku Kampala, posakhalitsa anaonanso wina. Mu 1958, chaka chomwe Gulupu inatsegulidwa, analemba za khansa imeneyi, yomwe lero imadziwika ndi dzina lake. Mu 1961 iye ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anayenda makilomita pafupifupi 16,000 pa galimoto yakutha, kufunsa m'zipatala ngati anaonapo ana otere. Ku Nyasaland anapeza kuti chotupachi chinali chofala m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, koma kumapiri kozizira ayi. Kumene kuli udzudzu wambiri ndi komwe kunali matendawa. Mu 1964 ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo m'zotupa zochokera ku Uganda. Malungo obwerezabwereza akafooketsa thupi la mwana yemwe ali kale ndi kachilomboko, khansayi imapeza mpata. Amalume ankasaka mfiti m'mudzi, pomwe wolakwa ankatiimbira m'makutu usiku uliwonse.

Mabuku amatchula mayina amenewa, ndipo n'koyenera. Koma ine ndinapita kukazonda matenda patchuthi, ndinaona amene ankasenza mankhwalawo. Amayi ankagona pamphasa pansi pa bedi. Mwana akamulowetsa diripi ya cyclophosphamide, iwo ndiwo ankagwira beseni akamasanza, kuchapa nsalu m'bandakucha, kumunyengerera ndi phala la nsinjiro m'kamwa muli zilonda zokhazokha. Tsitsi litathothoka anamumanga kampango kuti asadzione. Kukhitchini ya magadiyani, komwe utsi unkaliritsa ngakhale wopanda chisoni, amayi a ku Mangochi, Nsanje ndi Machinga ankabwerekana mchere ndi nkhuni. Wina akatsikira kumsika, mnzake ankayang'anira ana awiri. Mwana akatisiya, omwewo ndiwo ankaimba nyimbo poperekeza thupi, ngakhale kuti womwalirayo anamudziwa sabata ziwiri zokha.

Chotupa cha Burkitt chimakula msanga kuposa khansa zina, komanso chimaphwa msanga. Patangotha masiku ochepa atayamba mankhwala, tsaya la mlongo wanga linabwerera, diso linatseguka. Msampha unali pomwepo. Uthenga unafika kuchokera kumudzi: "Mwana wachira, mukudikiranso chiyani? Thonje likuonongeka." Magadiyani ambiri ankamanga katundu panthawi ngati imeneyi, ndipo m'mabuku a chipatala ankalembedwa kuti athawa mankhwala. Mawu oti kuthawa sindimawakonda. Mayi amene wasiya ana anayi ndi nkhokwe yopanda kanthu, ndalama ya basi yobwererera kudzalandira diripi yotsatira alibe, ameneyo sakuthawa. Madokotala a ana pa Gulupu, motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, anazindikira zimenezi. Anakonza ndondomeko ya mankhwala yaifupi, ya pafupifupi mwezi umodzi, yomwe mwana wonyentchera angaipirire komanso banja losauka lingaimalize. Ndi njira imeneyi pafupifupi theka la ana ankachira.

Amayi anakana kubwerera. Bambo anagulitsa mbuzi ziwiri, ine ndinasiya sukulu teremu imodzi kuti ndizitola thonje ndi kuphikira azing'ono anga. Amalume anabwera kamodzi atanyamula nkhuku. Anayang'ana mwanayo nthawi yaitali, kenaka anati, "Achemwali, mwalimba mtima." Za mphini zija palibe anazitchulanso.

Lero zinthu zasinthako. Mu 2017 pa Gulupu anatsegula chipatala cha Mercy James chochitira ana maopaleshoni, ndipo ku Lilongwe anamanga chipatala cha khansa pafupi ndi Kamuzu Central. Koma pitani madzulo aliwonse, mukapeza zitenje zitayanikidwa pakapinga ndi mphasa zitapindidwa pansi pa mabedi.

Mlongo wanga ndi kalipentala pa Dyeratu, ali ndi ana atatu. Mbali yakumanzere alibe mano awiri, ndipo zipsera za mphini zikuonekabe patsaya. Amayi anatisiya mu 2014. Poto wakuda uja anapita naye ku Gulupu ali kwa ine, ndimaphikiramo nyemba.