Mabuku Achikondi ndi Ufulu Wosankha Mwamuna

Anthu ophunzira amakonda kupeputsa mabuku a nkhani zachikondi, ati ongotayitsa nthawi atsikana. Mbiri ya mabukuwa ikutsutsa zimenezi, chifukwa anaphuka kumene kunali mkangano waukulu wakuti ndani ayenera kusankhira mkazi mwamuna. Mu 1740 Samuel Richardson wa ku England anatulutsa Pamela, nkhani ya mtsikana wantchito amene anakanitsitsa kugona ndi bwana wake. Mu 1813 kunabwera Pride and Prejudice ya Jane Austen, momwe Elizabeth Bennet akukana amuna awiri omufunsira, wachiwiriyo mpondamatiki, ndipo akudzamuvomera pokhapokha ataona kuti wasiya kudzikuza. Masiku amenewo mkazi wa ku England akangokwatiwa, chuma chake chinkakhala m'manja mwa mwamuna, ndipo lamulo lomupatsa mphamvu zonse pa katundu wake linadza mu 1882. Kwa mkazi wotere kuphonya posankha kunali kutaya moyo wonse, motero buku lofotokoza za kusankhako silinali lamasewera.

Malonda anabwera pambuyo. Gerald Mills ndi Charles Boon anatsegula kampani yawo ku London mu 1908 akusindikiza mabuku amitundumitundu, koma m'zaka za m'ma 1930 anaona kuti amayi obwereka mabuku m'malaibulale olipiritsa ankafuna kwambiri achikondi, choncho anatsamira komweko. Harlequin ya ku Canada inagula kampaniyo mu 1971, ndipo timabuku ta Mills & Boon tinafika ngakhale m'sukulu zathu zasekondale, tikuyenda m'manja mpaka chikuto kuthothoka. Komatu umboni wamphamvu wakuti nkhanizi zimakamba za ufulu wosankha mwamuna uli ku Nigeria, kumene anthu analemba zawozawo. Pamsika wa Onitsha, sewero la Ogali A. Ogali la mu 1956, Veronica My Daughter, linagulidwa kwambiri, ndipo nkhani yake ndi ya mtsikana wokana mkulu wachuma amene bambo ake anamusankhira. Ku Kano, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, amayi monga Balaraba Ramat Yakubu akhala akulemba m'Chihausa za maukwati okakamiza, mitala ndi atsikana osiyitsidwa sukulu.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mabukuwa amatha mofanana, awiriwo atagwirizana. Nzoona, koma wowerenga amadziwa kale zimenezo. Chimene amatsata ndi zomwe mwamuna ayenera kusintha kuti mkazi avomere. Yachiwiri ndiyo yolemera. Germaine Greer analemba mu 1970 kuti nkhanizi zimaphunzitsa akazi kukonda amuna owapondereza, ndipo ambiri mwa mabuku akale ankatamandadi mwamuna waukali ndi wandalama. Mlandu umenewo sungafafanizidwe. Koma Janice Radway, atacheza ndi amayi owerenga mabukuwa ku America, anasonyeza mu 1984 kuti iwo ankadana ndi nkhani za amuna ankhanza, ndipo ankawerenga kuti apezeko nthawi yawoyawo atatopa ndi kusamalira ena. Owerengawo sankangomeza chilichonse, ankasankha.

Kumene mtsikana akukwatiwitsidwabe asanafunsidwe maganizo, buku loika mawu ake pakati pa nkhani lili ndi ntchito. Aphunzitsi ndi oyang'anira malaibulale asawabise mabukuwa. Awawerenge limodzi ndi ophunzira, akambirane kuti mwamuna wa m'nkhaniyo ndi woyeneradi kapena ayi.