Kukonzanso nyumba m'dera lotentha la Rivirivi

Rivirivi ndi mtsinje wochokera kumapiri a ku Ntcheu, umene umadutsa m'boma la Balaka n'kukathira mu Shire. Dera la zaulimi la m'mbali mwake limatchedwanso dzina lomwelo. Balaka, amene anapatuka ku Machinga m'chaka cha 1998, ndi dziko la malambe ndi thonje. Mvula imagwa yochepa, pafupifupi mamilimita 800 pachaka, ndipo mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo. Kuno si chipululu, koma kwa miyezi yambiri ya chilimwe nyumba imalimbana ndi kutentha ndi fumbi ngati mmene zimakhalira kuchipululu. N'chifukwa chake kakonzedwe kamakono kochepetsa katundu m'nyumba, kosiya makoma oyera ndi malo opita mphepo, kamayenerana ndi dera lino kuposa mmene ambiri amaganizira.

Vuto lalikulu ndi denga. Malata anafalikira m'midzi, makamaka boma litayambitsa ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo mu ulamuliro wa Peter Mutharika, ndipo palibe angatsutse kuti anapulumutsa anthu ku ntchito yofolera udzu chaka ndi chaka. Koma lata lopanda siling'i limatenga moto wa dzuwa n'kuuthira pamutu pa anthu, mpaka pofika masana banja lonse limathawira pansi pa mtengo wa mango. Munthu amene wapeza ndalama za thonje kapena zochokera ku Joni kawirikawiri amayamba kugula masofa, kapeti, makatani ochindikala ndi kabati yaikulu. Zonsezi zimasunga fumbi, zimatchinga mawindo, ndipo zimagwira kutentha mpaka usiku. Ndalama yomweyo ikanapita ku siling'i, ngakhale ya bango kapena nsungwi zolukidwa bwino, ikanasintha nyumba yonse. Pamwamba pa siling'iyo pasiyidwe mpata woti mpweya wotentha uzitulukira. Katswiri wa zomangamanga wa ku Burkina Faso, Francis Kéré, anachita zimenezi pa sukulu ya ku Gando mu 2001: anakweza malata m'mwamba, pansi pake n'kuika denga la dothi, mphepo n'kumadutsa pakati. Mu 2022 analandira mphotho ya Pritzker, yapamwamba kwambiri pa ntchito ya zomangamanga.

Makoma nawo safuna zambiri. Njereza imabweza kuwala kwa dzuwa, ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi penti wa mafuta, ndipo mwala wake umakumbidwa konkuno ku mapiri a Chenkumbi. Mawindo aziyang'anizana kuti mphepo ilowe uku n'kutulukira uko, ndipo khoma lakumadzulo litetezedwe ndi khonde lalikulu, chifukwa dzuwa la madzulo ndilo limatenthetsa chipinda chogona. Pansi pa simenti yosalala, poyalapo mkeka wotheka kukung'untha panja, pamazizira ndipo sipavuta kusesa.

Ena amati pabalaza popanda katundu pamachititsa manyazi, alendo angayese kuti pakhomopo pali umphawi. Nkhawa imeneyi si yopepuka, chifukwa katundu wa m'nyumba amaonetsa thukuta la munthu. Komabe mipando yochepa yolimba ya mmisiri wodziwa ntchito, kuphatikizapo mipando ya nsungwi ndi luzi imene amaluka m'dziko muno n'kumagulitsa kunja, imalemekeza mlendo koposa sofa limene sangakhalepo osatuluka thukuta. Ena amaopa udzudzu ndi akuba, ndipo m'chigwa cha Shire malungo ndi matenda enieni. Yankho lake ndi waya wa sefa pa mawindo ndi pa timabowo ta mpweya, pamodzi ndi zitsulo zotchinga, osati kutseka nyumba yonse. Sefa yomweyo imaletsa mileme kukhazikika mu siling'i.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi mvula. Katswiri wina wa zomangamanga, Hassan Fathy wa ku Egypt, anamanga mudzi wa New Gourna ndi zidina m'zaka za m'ma 1940, koma kumeneko mvula sigwa kawirikawiri. Kuno, ikabwera imabwera ndi ukali, monga anthu anaonera pa madzi osefukira a mu Januwale 2015. Choncho makoma ochindikala a zidina kapena a mdindo, ngakhale amaziziritsa bwino, amafunika maziko okwera a miyala kapena simenti, pulasitala wakunja, ndi denga lotuluka kwambiri kuti madzi asamenye khoma. Malata amangiriridwe zolimba ku khoma chifukwa mphepo yoyamba ndi mvula imasasula madenga, ndipo bango la siling'i lizionedwa kawirikawiri ngati chiswe sichinalowemo. Njerwa zootcha zimapirira madzi, koma zimadya mitengo imene dera lino likuisowa kale, ndipo kuyambira mu 2018 malamulo amaziletsa pa zomanga zikuluzikulu za boma ndi za malonda.